Mapilokesi a Mkulu wa Mpingo

Hewe, 4 Malichi 2024

Wokondedwa Limbikani,

Monire mwana wa mlongo wanga. Uli bwanji ku Lilongweko? Ife kuno tili ndi moyo, koma ndikati tili bwino ndiye kuti ndanama, ndipo ine ndine mayi wa Umanyano, bungwe la amayi a mpingo, sindinama.

Ndalemba kalata chifukwa pa foni sizingatheke. Ukudziwa kuti netiweki timakaipeza pachulu paja pafupi ndi golosale, ndipo pamenepo pamakhala makutu a Hewe yense. Ndalembanso m'Chichewa dala, kuti ukafuna kumuonetsa mkazi wako asadzanene kuti Chitumbuka chamuzunguza mutu.

Bambo ako atupanso. Aka n'kachitatu chiyambire Khisimasi. Dzulo linali tsiku la Mgonero ndipo iwo ndiwo amayenera kugawa mkate, koma anadzuka zikope zili ngati mandasi, makutu ofiira psuu, m'khosi monse ziwengo zotuluka madzi. Kukanda kwake! Mkulu wa mpingo, a Horace Zgambo enieni, kudzikanda mpaka kubuula. Mkate anagawa ndi a Mfune, munthu woti manja amanjenjemera.

Tsono iwe wophunzira undiyankhe. Matenda amenewa anaphunzira kuti kuwerenga kalendala? Pa Khisimasi anatupa. Pa ukwati wa mwana wa a Mfune anatupa. Dzulo atupa. Koma masiku wamba, akamasoka fodya ku chigafa, munthu ali bwinobwino. Pali wina amene safuna kuti mlongo wanga aoneke pagulu. Nsanje ndiye ilipo, chifukwa munthu wa zaka 74 alibe ndi imvi imodzi yomwe. Ife a Zgambo ndi mmene tinabadwira.

Dzina sinditchula. Ndingonena kuti madzi osamba a bambo ako amatunga ndi munthu mmodzi, amaphitsa ndi yemweyo, kukaika kubafa ndi yemweyonso. Ndipo kudambo kumene amatungako chitedze changoti mbwee. Ndinakuuza nthawi ija kuti mwana wa matenanti, wobwera pa lole kuchokera ku Dowa, mtima wake sitiudziwa. Iwe unati chikondi. Chabwino. Pano iyeyo wamva kuti bambo ako, poti mayi ako anatisiya, ayamba kuponya maso kwa NyaChavula, mayi wamasiye uja, ndiye akuopa kuti m'khitchini mudzalowa mwini wake.

Utumize mafuta abwino odzola. Yewo chomene.

Ndine ankhazi ako,
Isabella NyaZgambo


Hewe, 5 Malichi 2024

Bambo a Luso,

Moni wambiri. Ndikhulupirira muli bwino ndipo mukudya, osati tiyi yekhayekha. Luso ali bwino. Dzino lachiwiri lagwa, akuti akusungirani mudzalione. Fodya tikuthyola tsamba lapakati, manja anga ali phulaphula koma ndi za chaka chilichonse.

Adada adwalanso, ankhazi akuuzani. Ine sindingalongosole zambiri. Mukudziwa malamulo amene anandipatsa tsiku limene ndinalowa pamudzi pano: mkamwana sayang'ana nkhope ya apongozi aamuna, salowa m'nyumba mwawo, salankhula nawo, ndipo za thupi lawo satchula. Zaka zisanu ndi ziwiri ndasunga zimenezi. Zimene ndimaona ine ndi zokhazo zimene amanditulutsira pakhonde kuti ndichape.

Ndiye ndikuuzeni za kuchapa. Mapilokesi a adada akuda chomene. Osati kuda kwa fumbi kapena kwa fodya, kumeneko ndimakudziwa. Thaulo nalonso chimodzimodzi. Ndipo sikuti amada masiku onse ayi. Loweruka lapitali anada. Sabata ya ukwati wa kwa a Mfune anada. Pa Khisimasi anada. Ndimachapa mpaka zala kusupuka, sopo amatha, kudako sikuchoka. Chonde, bambo a Luso, ndime imeneyi muwerenge kawiri.

Ndinayesa kuwaonetsa ankhazi. Anandiyang'ana kuyambira kuphazi mpaka kumutu, n'kunena kuti mwina ku Dowa akamwana amafufuza mapilo a apongozi awo, koma kuno ayi. Kuyambira tsiku limenelo akandiona ndi ndowa amatsokomola.

Mtima wanga suli m'malo. Mundiyankhe.

Ine wanu,
Kezia


Lilongwe, 18 Malichi 2024

Ankhazi,

Monire. Kalata yanu ndalandira ndipo ndamva chisoni ndi za adada. Koma ankhazi, tili mu 2024. Inu munaphunzitsa sukulu zaka makumi atatu, lero mukundilembera za chitedze ndi nsanje? Anzanga mu ofesi muno akanaiona kalatayi sindikanakweza mutu.

Ndafufuza ndekha pa intaneti madzulo awiri ndipo nkhaniyi ndi yosavuta. Vuto ndi fodya. Tsamba lonyowa limawenga khungu, komanso mankhwala amene mumapopera aja ndi poizoni, koma inu kumeneko mumapopera mutavala malaya a kutchalitchi. Anthu akumudzi simumva. Kuyambira lero adada asapondenso ku chigafa. Asakhudze tsamba. Zigubu za mankhwala muzikwirire, osatungiramo madzi.

M'katoni muli mafuta odzola, magolovesi awiri, ndi sopo wosanunkhira. Mulinso kapaketi kakang'ono komata ndi tepi. Kameneko ndi ka adada, muwapatse m'manja, iwo akudziwa. Muwauze kuti ulendo uno ndagula wamphamvu, wogulitsayo wati sasuluka msanga.

Pepala lachiwirili mumupatse Kezia.

Limbikani

Amake Luso,

Kalata yanu ndawerenga, kawiri monga munanenera. Ndadabwa. Adada akudwala, mudzi wonse uli pa nkhawa, inu mwadzaza tsamba lonse ndi mapilo? Ngati mumafuna sopo mukanangonena kuti sopo. Ndatumiza wochapira wokwanira miyezi iwiri. Muzilemekeza ankhazi, ndi akuluakulu. Mumupsompsone Luso.


Hewe, 2 Epulo 2024

Limbikani,

Monire profesa wathu wa ku Lilongwe. Tinachita zonse zimene munalamula. Bambo ako ku chigafa sanapondeko masabata awiri, amangokhala pakhonde atavala magolovesi ngati akudikira kuchita opaleshoni. Zigubu tinakwirira. Sopo wako wosanunkhira uja anasamba, ngakhale ine sindinaonepo ubwino wa sopo amene sanunkhira.

Nanga n'chiyani chachitika pa Pasaka? Funsa intaneti yako.

Lachisanu Loyera anali bwino. Loweruka madzulo anayamba kukanda. Lamulungu m'mawa maso onse awiri atsekeka, nkhope yakula moti ine mlongo wake ndinachita kubwerera m'mbuyo. M'mutu monse madzi kuchucha. Sizinafikepo pamenepa. NyaChavula anabwera kudzawazonda ndi mkoko wa nthochi, iwo anabisala kuseri kwa chitseko n'kumayankha moni pabowo la kiyi. Manyazi ake, Limbikani! Ine ndinalira.

Fodya sanakhudze. Chatsala n'chiyani? Madzi.

Dzulo tinakhala pansi ndi abale onse pansi pa mtengo wa mango. Mkazi wako tinamufunsa, anangoweramitsa mutu n'kunena kuti zimene akudziwa sizoti anganene pamaso pa apongozi. Wamva? Ndiye kuti pali zimene akudziwa! Bambo ako anali pomwepo atafunda thaulo, sanayankhule kanthu, munthu wofatsa uja.

Tagwirizana kuti Kezia apite kwa makolo ake ku Kazuni, kumene anakhazikika atachoka ku Dowa, akapume. Luso atsala, ng'ombe za lobola tinapereka zonse, mwanayo ndi wa a Zgambo. Tikungodikira mawu ako monga mwamuna, ngati ku Lilongwe kunatsala umuna.

Ankhazi ako,
Isabella


Hewe, 3 Epulo 2024

Bambo a Luso,

Moni sindichulutsa. Akufuna kundichotsa pamudzi pano n'kundilanda mwana, ndipo akudikira inu.

Sopo ndinalandira, yewo. Sindinkafuna sopo.

Zimene ndilembe apazi mkamwana salemba, Mulungu andikhululukire, koma Luso ndi wanga. Adada amapaka dayi m'mutu. Tsitsi lawo ndi loyera, amalidetsa. Kukakhala mwambo waukulu, Lachisanu masana amatseka chitseko, ankhazi amalowa ndi kambale ndi mswachi wakale. Loweruka amanditulutsira mapilokesi akuda. Lamulungu amatupa. Ndaona zimenezi kanayi. Kwathu kunali mayi wina wa saluni amene manja ake ankatupa motero akagwira dayi, mpaka anasiya ntchito.

Ndipo dayiyo amachokera kwa inu. Kapaketi komata ndi tepi kaja, bokosi lake ndinalipeza kudzala, lili ndi chithunzi cha bambo akumwetulira.

Pa mtengo wa mango ndikanati chiyani? Ndiimirire, ndiloze mutu wa apongozi anga pamaso pa abale onse? Akanandithamangitsa pomwepo, ndipo akanakhala ndi chifukwa. Inu ndinu mwana wawo, mukhoza kunena. Chonde nenani msanga, chifukwa nthawi iliyonse akutupa kuposa poyamba ndipo ndikuopa.

Kalatayi ndampatsa Jimmy wa lole m'manja, ndamuuza kuti akaipereke yekha ku basi.

Kezia


Lilongwe, 17 Epulo 2024

Ankhazi,

Monire. Za pa Pasaka zandiopsa. Ine za chitedze sindikhulupirirabe, ndinu mboni. Koma ndadikira masabata awiri kuti Kezia andilembere mbali yake, palibe ngakhale mzere umodzi. Munthu amene anatha kudzaza tsamba ndi nkhani ya mapilo, pa nkhani yaikulu chonchi wangoti duu. Zimenezi zandipatsa maganizo.

Kubwera sindingathe, kuntchito kwathina. Inu ndi amene muli pafupi, chitani zimene mukuona kuti n'zabwino. Apite kaye kwawo mitima izizire. Sikuti ndamusiya ayi, mumuuze bwino. Ndipotu mwa sayansi zitithandizanso: akachoka ndipo adada n'kuchira, tidziwa.

Limbikani


Hewe, 13 Meyi 2024

Limbikani mwana wanga,

Monire, monire chomene! Lero ndikulemba ndikuimba.

Ananyamuka pa 23 Epulo, tsiku la msika, masana dzuwa lili pamutu. Ndinasankha dala nthawi imeneyo kuti anthu aone kuti ife sitichita zinthu mobisa. Anakwera pa lole ya Jimmy pamwamba pa mabelo, kachikwama kake m'manja. Luso analira, anathamangira lole mpaka pa mlatho, koma ana amaiwala. Masiku ano sakudya bwino ndipo wayambanso kukodza pamphasa, ndi msinkhu chabe.

Tsono tamva za sayansi yako. Chichokereni munthu uja, bambo ako ngakhale kachiphuphu! Khungu lasalala, nkhanambo zonse zayoyoka. Madzi ndikuphitsa ndine, msana ukupweteka koma ndi madzi oyera. Masabata atatu osakanda. Anthu amene ankati Isabella ndi wankhanza ali kuti?

Nkhani yabwino ndi iyi. Loweruka pa 25 Meyi tikupita kwa a Chavula kukaonekera mwa mwambo. Mayi uja wavomera. Chiyambire Pasaka sikunakhale mwambo waukulu, ndiye uwu tikufuna bambo ako akaoneke ngati mnyamata, alamu awo akasowe chonena. Utumize tayi yofiira. Akutinso uwonjezere kapaketi kaja, tiwiri, iwe ukudziwa.

Ankhazi ako okondwa,
Isabella


Rumphi boma, 29 Meyi 2024

Amake Luso,

Ndikulemba nditakhala pabenchi panja pa wodi ya amuna. Sindikudziwa poyambira. Muli bwanji? Amayi ndi abambo ali bwanji ku Kazuniko? Ndikudziwa kuti funso limeneli lachedwa.

Adada anatsala pang'ono kutisiya. Kwa a Chavula sanafikeko. Loweruka m'mawa anadzuka nkhope yonse yatupa, milomo, khosi, mpweya ukuchita kulira potuluka. Jimmy anatsitsa mabelo n'kuwathamangitsira kuno. Ine ndinafika Lamulungu. Pano kutupa kwaphwa, akulankhula, akumwa phala.

Lolemba kunabwera adokotala, mayi wamng'ono thupi wosataya mawu. Ine ndinayamba kuwalongosolera za fodya ndi mankhwala opopera, ndi Chizungu chambiri. Anandisiya ndimalize. Kenako anati inde fodya ndi mankhwalawo amawononga khungu ndipo alimi ambiri amabwera nazo, koma zimenezo zimaoneka m'manja ndi m'mikono. "Taonani manja a bambowa, osalala ngati a abusa. Tsono taonani apa." Anatilozera pamene tsitsi limathera, pamphumi, kuseri kwa makutu, m'khosi. Ziwengo zinatsatira malire a tsitsi ngati munthu wachita kulemba. Ndevu ndi nsidze zomwe.

Anafunsa, "Adada, mumapaka chiyani m'mutumu?"

Adada anati, "Ine? Mafuta wamba basi."

Ankhazi analumphira, "Ife a Zgambo sitimera imvi, adokotala, ndi magazi."

Adokotala sanatsutse. Anangonyowetsa thonje, kupukuta kuseri kwa khutu, n'kuwaonetsa ankhazi. Thonje lili bii. Mkulu wina wa pabedi loyandikana anayamba kutsokomola, koma kunali kuseka.

Ine ndinati sizingatheke, chifukwa akhala akupaka zaka ziwiri chimwalirireni amama popanda vuto. Mwamva? Ndinadziulula ndekha. Adokotala anandiyang'ana nthawi yaitali. Anati khungu lili ndi asilikali ake, ndipo asilikaliwo amakumbukira. Poyamba chinthu chachilendo amangochiyang'ana, mwina chaka, mwina zaka. Tsiku lina amagamula kuti ameneyu ndi mdani, ndipo akatero saiwalanso mpaka imfa. Akabweranso amamuthira nkhondo, osati pomwepo koma patapita tsiku kapena awiri, n'chifukwa chake anthu amaloza zina. Ndipo ulendo uliwonse nkhondoyo imakula. Anati akadzapakanso kamodzi kokha, mwina lole sidzafika nthawi yabwino. Atawameta, pansi pake poyera kuti mbee.

Anafunsa kuti amawagulira ndani. Ndinayang'ana nsapato zanga.

Chinanso. Dzulo pageti Jimmy anandipatsa envelopu yothimbirira ndi girisi. Akuti anaipeza kuseri kwa mpando pamene ankakonza pogoneka adada. Ndi kalata yanu ya pa 3 Epulo. Ndaiwerenga, osati kawiri kokha.

Amake Luso, ndinali chitsiru. Bwererani kunyumba. Luso akukufunani.

Mwamuna wanu,
Limbikani


Hewe, 5 Juni 2024

Mkamwana,

Monire. Ndikhulupirira mwapuma mokwanira ku Kazuni. Apongozi anu atuluka m'chipatala ndipo akupeza bwino, tithokoze Mulungu.

Zaoneka kuti panali kusamvana pang'ono. Zimachitika pa banja lililonse ndipo ife sitisunga mangawa. Mukhoza kubwerera. Fodya wotsala akudikira kusankha, Luso tsitsi lake lapota, ndipo msana wanga sukulola ndowa.

Koma timvane. Kutchalitchi ndi kwa a Chavula tanena kuti anali mankhwala opopera fodya. Inunso mukafunsidwa muzinena zomwezo. Ulemu wa mkulu wa mpingo si chinthu choseweretsa. Pakali pano akuvala chipewa, tanena kuti adokotala alamula. Mubwere mwakachetechete, bwino Lachinayi chakumadzulo anthu ali kumapemphero, kuti pasakhale zokambakamba.

Ankhazi a amuna anu,
Isabella NyaZgambo


Kazuni, 11 Juni 2024

Bambo a Luso,

Moni. Ndakondwa kuti adada ali moyo, ndipo ndikunena kuchokera pansi pa mtima. Ndinkawapempherera ngakhale pamene ndinali pamwamba pa mabelo.

Kuno ndili bwino. Ndikuthandiza amayi kukolola, njovu zinadya theka la munda koma sizinanamizire munthu.

Makalata onse awiri ndalandira, yanu ndi ya ankhazi. Ya ankhazi inandiseketsa. Akuti sasunga mangawa! Yanu sinandiseketse.

Mwati munali chitsiru. Ayi, bambo a Luso, musadzichepetse. Chitsiru sichidziwa. Inu mumadziwa kuti adada amapaka, mumagula ndinu, mumamata tepi ndinu. Ankhazi amadziwa, mswachi umakhala m'manja mwawo. Adada amadziwa, mutu ndi wawo. Anthu atatu, mmodzi mphunzitsi, wina mkulu wa mpingo, wina wa intaneti. Ndikukhulupirira kuti simunkadziwa kuti dayi ndiye akuwawenga. Koma panalibe mmodzi amene anafuna kufunsa, chifukwa kufunsako kukanafuna kutchula imvi. Kunali kopepuka kutchula Kezia. Kalata yanga inagwera kuseri kwa mpando, chabwino. Nanga yoyamba ija inagwera kuti?

Pano akuti ndibwere Lachinayi madzulo, mozemba, ndipo ndizinena kuti anali mankhwala a fodya. Ndiye anthu a ku Hewe aziti chiyani? Aziti mkamwana wa chitedze uja amukhululukira, a Zgambo ndi anthu abwino. Luso azikula akumva kuti mayi ake anafuna kupha agogo ake. Kusukulu azimutcha chiyani?

Ndimamulota mwana wanga masiku onse. Ndikaona kamtsikana kalikonse kopanda mano akutsogolo ndimaima n'kumakayang'ana. Mukudziwa kuti pamenepo ndiye pofewa panga, ndipo ankhazi akudziwanso, n'chifukwa chake anatchula tsitsi lake. Koma sindibwera ndi dzina limeneli. Anandichotsa masana, tsiku la msika, anthu akuona. Chimene chinanenedwa pagulu chikakonzedwe pagulu. Ine pakamwa panga sipadzatchula mutu wa apongozi, mwambo ndikuusungabe. Atchule eni ake.

Kezia


Hewe, 24 Juni 2024

Kwa mkamwana wanga, amama a Luso,

Ndine apongozi anu, Horace Zgambo. Ndikudziwa kuti mpongozi salembera mkamwana kalata. Isabella wandikumbutsa katatu m'mawa uno. Mwambo umenewo unatsala pang'ono kundiika m'manda, ndiye lero upume kaye. Chichewa changa ndi cha m'Baibulo, mundikhululukire.

Limbikani atabwera kuno anandiwerengera kalata imene munamulembera. Sanafune, ndinachita kumukakamiza. Nditamva ndinakhala masiku atatu osatuluka.

Pa mtengo wa mango paja ndinali nditafunda thaulo, koma makutu anali kunja. Pamene munati zimene mukudziwa simunganene pamaso panga, ndinadziwa chimene mukunena. Ndinakhala chete. Ndinati mumtima, apita masabata awiri, abweranso, palibe chiwonongeke. Munasunga ulemu wanga, ine ndinausunganso womwewo, wanu panalibe wousunga.

Dzulo kutchalitchi, nthawi ya zolengeza, ndinaimirira. Chipewa ndinasiya kunyumba. Tsitsi lamera pang'ono, lili ngati ufa woyera. Ndinati, abale, ine Horace ndili ndi imvi. Ndakhala ndikuzipaka dayi zaka ziwiri. Dayiyo ndiye amanditupitsa, osati fodya, osati chitedze, osati mkamwana wanga Kezia, amene tinamuchotsa pamudzi wosalakwa ine ndikuyang'ana. Ndinkayembekezera kuti tchalitchi chigwa.

Mukudziwa chimene chinachitika? A Mfune anakweza dzanja lawo lonjenjemera lija n'kunena kuti, "A Zgambo, za imvizo ndiye tinkadziwa kale. Tinabadwa chaka chimodzi. Pa maliro a akazi anu munalira ndi mutu woyera, mwezi wotsatira munabwera ndi wakuda, mumati tinali akhungu?" Anthu anaseka mpaka abusa anachita kugogoda tebulo. NyaChavula ananena panja kuti kolala ya malaya anga inkamuuza zonse. Hewe yense ankadziwa, mwana wanga. Chinsinsi chimene tinakuchotserani pamudzi, ngakhale ana a Sande sukulu ankachidziwa.

Pamene ndinatchula dzina lanu sanaseke. Amayi ena a Umanyano anaweramitsa mitu. Isabella anatuluka, akuti mutu unamupweteka, ndipo duku lake masiku ano akulimanga mothina kuposa kale.

Madzi osamba ndikuphitsa ndekha. Dzana ndinapsa chala. Sindikunena kuti mubwere chifukwa cha madzi. Luso amakhala pa mlatho madzulo aliwonse kuyang'ana malole, ndipo ine ndilibe chomuuza.

Ndinakulakwirani. Yewo.

H. Zgambo


Kazuni, 28 Juni 2024

Bambo a Luso,

Moni. Kalata ya adada ndalandira. Sindingawayankhe ndekha, ndine mkamwana. Muwauze kuti ndamva, ndipo chalacho azichiviika m'madzi ozizira.

Ndibwera Lachiwiri, tsiku la msika, masana dzuwa lili pamutu. Lole ikhale yomweyo ya Jimmy, ndipo ulendo uno ndikhala kutsogolo. Kuntchito kwanu kuthine kusathine, mukhalepo. Ndikatsika pamsika, chikwama munyamule ndinu mpaka kunyumba, tidutse pa golosale ndi pachulu pa netiweki paja.

Luso mumuuze asadikire pa mlatho, kuli fumbi. Adikire pamsika, ankhazi amugwire dzanja.

Musagule sopo. Uja alipobe, sindinamugwiritse ntchito.

Kezia